Kodi chomoliya angadwalitse munthu? Mafunso ndi mayankho

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda mauthenga awiri otsutsana okhudza masamba amene Azungu amawatcha kale. Wina akuti ndi mankhwala a nthenda iliyonse, ingowagayani aawisi muzimwa m'mawa uliwonse. Wina akuti amatupitsa chithokomiro ndi kuwononga impso. Mauthenga onsewa akokomeza. Kwa munthu wathanzi tsamba lenilenilo silivuta. Vuto limabwera ndi madzi othirira, mankhwala opopera, ndi matenda angapo amene munthu angakhale nawo kale. Nawa mafunso amene anthu a muno mu Mzuzu amafunsa kawirikawiri.

Kodi masamba amenewa ndi ati kwenikweni?

Ndi m'bale wake wa kabichi, koma sapanga mutu. Mtundu umene umapezeka kwambiri kuno ndi uja wa tsinde lalitali wothyola tsamba limodzilimodzi, umene pamsika timati chomoliya, ku Kenya amati sukuma wiki. Wa masamba opotanapotana uja umapezeka m'masitolo akuluakulu ndi m'madimba ochepa chabe. Popeza mawu oti "masamba a kale" m'Chichewa amamveka ngati masamba okhalitsa, ife tizingoti chomoliya. Repu, mpiru, tchaina ndi kabichi ndi a banja lomweli, choncho zambiri zimene zili m'munsimu zikukhudzanso mphangwe zimenezo, monga anzathu a Chitumbuka amanenera.

Ndilibe matenda alionse. Ndichepetse?

Ayi. Chipande chimodzi kapena ziwiri za chomoliya wophika pa nsima, ngakhale tsiku ndi tsiku, sizivulaza munthu. Muli kashiamu amene thupi limamulandira bwino, vitamini C, ndi zomwe thupi limasandutsa vitamini A. Chongofunika ndi kusinthasintha: lero chomoliya, mawa nkhwani, mkuja khwanya kapena kholowa.

Ndimamwa warfarin. Anandiuza kuti ndisiye masamba obiriwira. N'zoona?

Apa m'pofunika kumvetsa bwino, chifukwa ngozi yake ndi yeniyeni, komanso langizo loti "siyani masamba" lasocheretsa anthu ambiri.

Warfarin amapatsidwa kwa anthu amene magazi awo angaundane m'mitsempha: amene anaikidwa valavu yachitsulo mu mtima, amene mtima wawo umagunda mosokonekera, amene anatupapo mwendo chifukwa cha magazi oundana. Amagwira ntchito potchinga vitamini K, amene chiwindi chimamugwiritsa ntchito popanga zoundanitsa magazi. Tsono chomoliya ndi mmodzi mwa masamba odzaza kwambiri ndi vitamini K. Munthu wamkulu amafunika mamaikilogalamu 90 mpaka 120 patsiku, pamene kapu imodzi ya chomoliya wophika imakhala ndi pafupifupi 500 kapena kuposa. Kuphika sikumuchotsa, chifukwa sasungunuka m'madzi ndipo sapsa msanga ndi moto.

Mlingo wa warfarin umene adokotala anakupatsani anauyeza pa kadyedwe kanu ka nthawi imeneyo, pogwiritsa ntchito kuyeza magazi kotchedwa INR, komwe kumaonetsa kuti magazi akuchedwa bwanji kuundana. Kwa odwala ambiri INR imayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Kwa ena a valavu yachitsulo amaikweza mpaka 3.5. Mukayamba mwadzidzidzi kudya masamba ambiri, INR imatsika, mankhwala amakhala ngati akuchepa mphamvu, ndipo magazi angaundane n'kubweretsa sitiroko. Mukasiya mwadzidzidzi, INR imakwera ndipo mutha kuyamba kutaya magazi: nkhama kuchucha potsuka mano, kamfuno wosaleka, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena mabala akuda pakhungu osadziwa chakugundani. Mukaona chimodzi mwa izi pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chofunika ndi kusasintha. Ngati mumadya chipande chimodzi cha masamba kanayi pa sabata, pitirizani choncho sabata iliyonse. Chimene chimasokoneza anthu kuno ndi nyengo. M'miyezi yozizira madimba akadzaza, mulu wa chomoliya umatsika mtengo ndipo banja limadya masana ndi madzulo. Kenako ikafika nthawi ya usipa wambiri kapena bowa, masamba amaiwalika sabata zingapo. Kusintha kotere kukamachitika, uzani a kuchipatala kuti akuyezeni INR msanga. Musaganizenso kuti kuthawira ku bonongwe, mpiru, repu kapena kholowa n'kuthawa vitamini K, chifukwa onsewa ali naye wambiri. Kabichi woyera ndiye ali ndi wocheperapo.

Aspirin sakhudzidwa ndi vitamini K. Chimodzimodzi mankhwala atsopano oletsa magazi kuundana monga rivaroxaban. Ngati simukudziwa kuti mumamwa ati, onetsani buku lanu la kuchipatala kwa wopereka mankhwala.

Nanga zoti amatupitsa chithokomiro?

Pali choonadi pang'ono. Masamba a banja la kabichi akatafunidwa aawisi amatulutsa zinthu zimene zimalimbana ndi ayodini polowa mu chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamayendetsa kutentha ndi mphamvu za thupi. Ayodini akapanda kukwanira, kachiwaloka kamakula pofuna kukola wochepa amene alipoyo, n'kuoneka chotupa pakhosi.

Koma kuti zifike pamenepo pamafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: kudya masamba aawisi ochuluka zedi kwa miyezi, ndiponso kusowa ayodini m'thupi. Nkhani yodziwika ndi ya mu 2010, pamene madokotala a ku New York analemba za mayi wa zaka 88 amene anakomoka chithokomiro chitafooka, atakhala akudya kilogalamu imodzi mpaka imodzi ndi theka ya bok choy wamuwisi tsiku lililonse kwa miyezi ingapo. Bok choy ndi m'bale wa tchaina. Palibe pakhomo pamene amadya choncho. Kuwiritsa kumapha chimene chimayambitsa zimenezi m'tsamba, ndiye ndiwo zophika monga timaphikira kuno sizidetsa nkhawa.

Chimene tikufuna anthu a kuno asamale nacho ndi china. Chinangwa chowawa chikapanda kuvikidwa mokwanira chimasiya m'thupi chinthu chomwechi cholimbana ndi ayodini, ndipo kondowole amadyedwa kwambiri muno, makamaka m'mabanja ochokera ku Nkhata Bay. Banja lodya kondowole wa chinangwa chovuula msanga, ndiwo zake masamba a banja la kabichi tsiku ndi tsiku, mchere wake wogula wapamulu wosadziwika kochokera, ndilo lili pachiopsezo. Gulani mchere wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, monga lamulo la dziko lino limafunira. Usungeni m'botolo lotseka, kutali ndi moto ndi dzuwa, chifukwa ayodini amauluka mchere ukakhala poyera pachinyontho. Munthu wamkulu amafunika mamaikilogalamu 150 patsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250.

Amene mumamwa levothyroxine, mankhwala a chithokomiro chofooka, chomoliya wophika idyani. Mankhwalawo imwani m'mimba mopanda kanthu, ndi madzi okha, mphindi 30 mpaka 60 musanadye kadzutsa.

Ndili ndi vuto la impso. Ndingadye?

Zimatengera kuti impso zafooka kufika pati. Impso zabwino zimataya mumkodzo potaziyamu wotsala, mchere wina umene timaupeza m'zakudya monga masamba. Zikafooka kwambiri amaunjikana m'magazi, ndipo akapitirira amasokoneza kagundidwe ka mtima, nthawi zina popanda chizindikiro chochenjeza. Mlingo wabwino m'magazi ndi 3.5 mpaka 5.0, akadutsa 6 ndi ngozi. Mankhwala ena a BP ndi a mtima, monga enalapril, captopril, losartan ndi spironolactone, amakwezanso potaziyamu.

Ngati anakuuzani kuti potaziyamu wanu ndi wokwera, phikani motere. Dulani masamba bwinobwino timizere ting'onoting'ono. Wiritsani madzi ambiri, osachepera makapu asanu pa kapu imodzi ya masamba. Ikani masamba, awire mphindi pafupifupi 10, kenako khetsani madzi onse n'kuwataya. Mukatero mutha kukazinga ndi anyezi ndi mafuta pang'ono. Potaziyamu amasungunuka m'madzi, ndiye gawo lalikulu limapita ndi madzi otayawo. Kuphika ndi madzi ochepa mpaka aume, monga amachitira ambiri, kumasiya yense mu mphika. Idyani theka la kapu, osati mbale yodzaza.

Zothiramo nazo zili ndi mbali yake. Tomato ndi nsinjiro zili ndi potaziyamu wambiri. Choopsa koposa ndi chidulo: madzi a phulusa ndi potaziyamu weniweni wosungunuka, ndipo wodwala impso asachiyandikire. Soda wogula alibe potaziyamu koma ali ndi mchere wokweza BP, ndipo onse awiri amapha vitamini C m'ndiwo. Chomoliya wanthete safuna chofewetsera chilichonse. Ngati ndi wokhwima, chotsani msempha wapakati uja.

Amayambitsa miyala mu impso?

Apa anthu amamusokoneza ndi sipinachi. Miyala yambiri imapangidwa ndi chinthu china cha m'zomera chotchedwa oxalate, amene ali wochuluka mu sipinachi ndi bonongwe. Chomoliya ali naye wochepa kwambiri, ndipo kwa munthu amene anadwalapo miyala ndi mmodzi mwa masamba abwino kusankha. Chachikulu pamenepo ndi kumwa madzi mpaka mkodzo uziyera.

Mankhwala opopera ndingawadziwe bwanji, ndipo amachoka ndi kutsuka?

Kwa anthu ambiri ogula ku Zigwagwa kapena pa timisika ta ku Chibavi, Katoto ndi Luwinga, ili ndilo funso lofunika kuposa onse a pamwambawa.

Chomoliya amakondedwa ndi nsabwe zotuwa zimene zimaunjikana kunsi kwa tsamba, ndi timbozi tobiriwira timene timasiya tsamba ngati sefa. Zimachuluka kukatentha, cha mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo m'pamene alimi amapopera pafupipafupi. Botolo lililonse la mankhwala ovomerezeka limalemba masiku oyenera kudikira kuchokera popopera kufika pothyola: ena masiku 7, ena 14 kapena kuposa. Vuto n'lakuti chomoliya amathyoledwa sabata iliyonse, ndipo mlimi amene wapopera Lachiwiri pamene oda ikumudikira Lachisanu amayesedwa kwambiri.

Mankhwala alipo a mitundu iwiri. Ena, monga cypermethrin, amakhala pamwamba pa tsamba, ndipo kutsuka bwino kumachepetsako. Ena, monga dimethoate, amalowa m'kati mwa mbewu n'kumayenda ndi madzi ake. Amenewa ngakhale mutatsuka kakhumi sachoka. Chimene chimawathetsa ndi masiku odikira aja basi. Kuwiritsa n'kutaya madzi kumathandizako koma sikumaliza.

Ndi maso simungatsimikize. Komabe nunkhizani mulu musanagule: fungo lokhala ngati la palafini kapena la m'sitolo ya zipangizo zaulimi, usiyeni. Madontho oyera owuma ngati ufa pamwamba pa tsamba, usiyeninso. M'nyengo yotentha, tsamba lokhala ndi tizibowo tiwiri titatu lisakunyanseni. Ife timalikhulupirira kuposa tsamba losalala lopanda banga pamene madimba onse ali ndi mbozi, ngakhale kuti chimenechi si umboni wokwanira. Njira yodalirika ndi kukhala ndi mayi kapena bambo mmodzi amene mumagulako nthawi zonse, n'kumawafunsa mwaulemu kuti, "Amayi, awa anapopera liti?" Wogulitsa amene amalima yekha amadziwa yankho.

Munthu akadya mankhwala ambiri a mtundu wa dimethoate, zizindikiro zimabwera m'maola ochepa: malovu ochuluka, thukuta, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera, kadontho kakuda ka m'diso kuchepa kwambiri, ndi kubanika. Musamumwetse mkaka kapena mafuta, ndipo musamukakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Mzuzu Central Hospital, komwe amabaya mankhwala otchedwa atropine. Ngati botolo la mankhwalawo lilipo, litengeni.

Kwa inu olima: thyolani kaye, kenako poperani, ndipo lembani tsikulo pakhoma. Gawani dimba pawiri kuti mbali ina ikamadikira, ina muzithyola. Musapopere masamba ndi mankhwala a thonje, a fodya, a ng'ombe kapena osungira chimanga. Musagule mankhwala othiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro. Ovomerezeka amalembetsedwa ku Pesticides Control Board ndipo amakhala ndi malangizo. Nsabwe zikangoyamba, madzi a sopo pang'ono kapena a masamba a nimu amazichepetsa.

Kutsuka koyenera n'kotani?

Sambani m'manja ndi sopo kaye. Tayani masamba achikasu ndi ofota, ndipo patulani tsamba lililonse palokha. Tsukani musanadule, chifukwa mukadula kaye, dothi limalowa m'mabala ndipo vitamini C amathawira m'madzi. Viikani masamba m'beseni la madzi okhala ndi supuni yaikulu imodzi ya mchere pa lita iliyonse kwa mphindi 5 mpaka 10. Nsabwe ndi timbozi zimayandama. Pakani ndi zala kunsi kwa tsamba, motsatira misempha, chifukwa m'momwe mumabisala mchenga. Kenako nyamulani masamba kuwachotsa m'madzi n'kuika m'beseni lina. Osapendeketsa beseni kuti madzi atayike masamba ali momwemo, popeza zinyalala zomwe zinakhazikika pansi zimabwereranso pa masamba. Bwerezani ndi madzi oyera kawiri kapena katatu mpaka pansi pa beseni pasakhale mchenga. Sopo wochapira asagwiritsidwe ntchito.

Masamba odulidula a m'majumbo amapulumutsa nthawi, koma simudziwa madzi, mpeni ndi manja amene anawakhudza. Amenewo atsukenibe, aphikeni tsiku lomwelo, ndipo asadyedwe aawisi. Panyumba, thabwa ndi mpeni zimene mwadulira nkhuku kapena nsomba zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze masamba.

Ndingamwe juwisi wa chomoliya wamuwisi kapena kudya saladi?

Pokhapokha ngati mukudziwa bwino kumene analimidwa ndi madzi amene anathiriridwa. Madimba ambiri a mu mzinda uno ali m'madambo ndi m'mphepete mwa timitsinje totsikira mu Lunyangwa, ndipo mvula ikagwa madzi ochokera kumtunda kumene kuli zimbudzi zokumba ndi makola amathera komweko. Madzi otere, komanso manyowa osawola, amasiya pa tsamba tizilombo ta kolera, tayifodi, kamwazi, ndi mazira a njoka zam'mimba. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chigawo cha kumpoto sichinasiyidwe.

Kutsuka kumachepetsa tizilombo, sikumaliza. Klorini amapha ta kolera ndi tayifodi koma mazira a njoka zam'mimba amapirira. Chimene chimapha zonse ndi moto: masamba awire kapena akazingidwe mpaka nthunzi itafika paliponse, mphindi 5 mpaka 10. Kupitirira apo mpaka asanduke akuda n'kungotaya mavitamini. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi amene chitetezo cha thupi chinatsika asadye aawisi ogula pamsika. Juwisi alinso ndi vuto lina, lakuti tambula imodzi imameza masamba amene munthu sakanatha kutafuna, ndiye zonse tanena za warfarin, impso ndi chithokomiro zimakula pamenepo.

Olima panyumba, thirirani pansi pa tsinde osati pamwamba pa masamba, ndipo manyowa aawisi a nkhuku, nkhumba kapena ng'ombe alowe m'nthaka miyezi inayi musanayambe kuthyola, apo ayi awoletseni kaye m'dzenje.

Malo olimapo ali ndi kanthu?

Inde. Mbewu za banja la kabichi zimakoka zitsulo zapoizoni m'nthaka, monga cadmium ndi thallium, ndipo fumbi la mtovu limamatirira pa masamba. Zimenezi sizichoka ndi kuphika, sizipweteka lero, koma zimaunjikana m'thupi kwa zaka n'kuwononga impso ndi ubongo wa ana. Musalime ndiwo pa malo amene panali dzala lotayapo mabatire, pafupi ndi galaja yothira oyilo pansi, powotchera zinyalala ndi mawaya, kapena m'mphepete penipeni mwa msewu wodutsa magalimoto ambiri ngati M1. Ngati pakhomo panu malo ndi okhawo, limani m'matumba kapena m'mabedi okwera ndi dothi lochokera kwina.

Mwana angayambe liti?

Asanakwane miyezi 6, bere lokha. Kupatula zifukwa zina zonse, masamba amasunga mchere wina wochokera m'nthaka wotchedwa nitrate, makamaka othiridwa feteleza wa urea kapena CAN wambiri ndiponso okula m'nyengo ya mitambo ngati ya Juni ndi Julayi kuno. Mwa khanda, nitrate angalepheretse magazi kunyamula mpweya, milomo ndi zala n'kuchita bii. Akakwanitsa miyezi 6, muphikireni tsamba lanthete, musinje, muike supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri mu phala, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Muphikireni zatsopano nthawi iliyonse. Masamba osinja akakhala pofunda kwa maola, nitrate amasanduka mtundu woopsa kwambiri.

Ndikadya m'mimba mumadzaza mpweya. Ndi matenda?

Kawirikawiri ayi. Muli shuga wina amene matumbo athu sagaya, ndiye tizilombo tabwino ta m'matumbo timamuwoletsa n'kutulutsa mpweya. Chotsani misempha, phikani afewe, yambani ndi pang'ono, ndipo musaphatikize ndi nyemba pa chakudya chimodzi ngati zimakuvutani. Kukapitirira sabata zingapo, kapena pakakhala kuonda ndi magazi m'chimbudzi, vuto si masamba, kayezetseni.

Alipo ochepa kwambiri amene thupi lawo limadana nawo masambawa. Kuyabwa m'kamwa, zidzolo, milomo kutupa kapena kubanika mutangodya, siyani ndipo pitani kuchipatala msanga.

Ndimamwa ma ARV, kapena ndili ndi shuga. Pali choletsa?

Palibe. Dolutegravir, amene ali m'mapiritsi a ARV amene ambiri akumwa tsopano, amasokonezedwa ndi mapiritsi a ayironi, a kashiamu ndi mankhwala a chilungulira akamwedwa nthawi imodzi, osati ndi ndiwo za pa mbale. Wa shuga, masamba amamuthandiza kukhuta popanda kuchulukitsa nsima. Chimene chimatimvetsa chisoni ndi anthu osiya mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV chifukwa wina wawagulitsa juwisi wobiriwira. Chomoliya sachiza matenda amenewa ngakhale limodzi.

Ndiwo zotsala usiku ndingadye mawa?

Ngati zinalowa mu firiji pasanathe maola awiri chiphikireni, inde, mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri, mutazitenthetsa mpaka ziwire, kamodzi kokha. Kuzizira kwa Mzuzu kusakunamizeni. Khitchini ya mu Julayi si firiji, ndipo magetsi akazima usiku wonse firiji nayo imafunda. Zotendera zimasasa msanga kuposa zokazinga, ndipo nsinjiro zake zikhale za mtedza wosankha, wopanda chuku. Zikachita thovu, kununkha mosasa kapena kutanuka ngati therere, zitayeni. Kuziwiritsanso sikuchotsa poizoni amene tizilombo tina tasiya kale m'ndiwomo.